Mmene Nangozo Msulu Anapezera Ntchito ya Mlatho

Padangokhala, padangotero. Amene muli nane vomerani, amene simuli nane musadzandifunse pamene yayambira.

Inali nthawi ija nyama zinali ndi khonsolo yawoyawo, yokhala ndi ofesi, chidindo ndi mlembi. Khonsoloyo ikafuna kumangitsa chinthu cha onse, kaya chitsime kaya nkhokwe, sinkangoloza womanga ndi chala ayi. Mlembi wake, Birimankhwe, ankakhoma chidziwitso pamkuyu wa pabwalo, n'kuika mtsuko waukulu pakhomo pa ofesi. Aliyense wofuna ntchitoyo ankalemba papepala mmene adzamangire ndi madengu a mapira amene akufuna kulipidwa, n'kumata pepalalo ndi phula, n'kuliponya mumtsuko. Pakatha masiku asanu ndi awiri mtsuko unkatsegulidwa pamaso pa onse. Amene watchula madengu ochepa, bola makalata ake akhale okwanira, ntchito inali yake. Lamulo labwino, eti? Dikirani kaye.

Makontirakitala akuluakulu analipo atatu: Njati, mwini ngolo zonse za m'dzikomo, Nguluwe wokumba maziko, ndi Mvuu, amene ankati ntchito za m'madzi ndi za kumtundu kwawo. Wamng'ono analipo mmodzi, mayi wamasiye dzina lake Nangozo Msulu. Mwamuna wake ndiye anasonkhanitsa misulu khumi ndi iwiri, pachibale pokhapokha, n'kuiphunzitsa kumanga ndi miyala. Pomwalira anamusiyira Nangozo gululo, nyundo, levulo yoyezera ngati khoma lawongoka, ndi pempho limodzi, lakuti abale akewo asabalalike. Koma abale sadya pempho, amadya mapira, ndipo chimwalirireni mwini gulu, ntchito ya khonsolo inali isanawagwerepo.

Kapitawo wa gululo anali Kachingwe, mng'ono wake wa malemuyo. Ameneyo anali mmisiri weniweni, khoma lake silinkafuna kuliyang'ana kawiri. Vuto lake linali limodzi: pakamwa pake panalibe chitseko, makamaka akalawako mowa.

Gululi linalinso ndi nyimbo yake yopatsirana miyala. Akandanda pamzere, wotsogolera ankaitana dzina la aliyense n'kumufunsa kumene kuli mwala, onse n'kuvomera kuti uli m'manja mwa mnzawo ndipo sugwa pansi. Inali nyimbo yosavuta, koma inkafuna mawu ambiri kuti ikome.

Chaka chimenecho khonsolo inayamba ndi ntchito yomanga khoma lozungulira chitsime. Nangozo anawerengera bwinobwino, anamata pepala lake, n'kukaponya. Tsiku lotsegula mtsuko, Birimankhwe anatulutsa mapepala limodzilimodzi, mosafulumira monga mwa chikhalidwe chake.

"Mvuu, madengu makumi asanu ndi atatu. Njati, makumi asanu ndi awiri. Nguluwe, makumi asanu ndi limodzi. Nangozo Msulu, makumi atatu."

Misulu inalumpha ndi chimwemwe. Koma Birimankhwe anakweza dzanja, diso lina lili papepala, lina lili pa Nangozo.

"Mayi, kalata ili kuti?"

"Kalata yanji, alembi?"

"Yosonyeza kuti munagwirapo ntchito ya khonsolo."

"Ndaikamo zitatu."

"Zitatu zonsezo zili m'dzina la malemu amuna anu."

"Nanga miyala ankasenza ndani? Si mutu womwe uno?"

"Pepani mayi. Ine ndikudziwa, bwalo lonseli likudziwa, koma mtsuko sudziwa. Umangodziwa dzina lolembedwa."

Ntchito inapita kwa Nguluwe. Pobwerera kumudzi Nangozo anayambitsa nyimbo ija kuti awalimbitse mtima, ndipo khumi ndi awiri onse anavomera, ngakhale kuti m'manja munalibe mwala.

M'mawa mwake Nangozo anatenga nyundo ndi ndowa, n'kupita yekha kuofesi ya khonsolo. Masitepe a pakhomo anali ogumuka kwa zaka zambiri, nyama zonse zinkangodumphapo. Pamene Birimankhwe ankafika, dzuwa lili pamutu poti mukuwadziwa mayendedwe ake, anapeza masitepe atatu atsopano, osalala.

"Mayi, wakutumani ndani?"

"Palibe. Ndimaopa kuti tsiku lina mudzathyoka mwendo, ife n'kusowa wotitsegulira mtsuko."

"Khonsolo ilibe cholipira."

"Sindikufuna dengu. Ndingofunsako, alembi, masitepewa ndi a yani?"

"A khonsolo."

"Wamanga ndani?"

"Inu."

"Ndiye lembani zomwezo, mudindepo."

Birimankhwe anatembenuza maso ake onse awiri, kufunafuna lamulo loletsa. Sanalipeze. Analemba kalatayo, n'kudinda.

Ntchito yachiwiri inali nkhokwe ya onse, yamaziko a miyala. Miyala inali kutali, ndipo wokhala ndi ngolo anali Njati yekha. Choncho Nangozo anapita kukafunsa mtengo wonyamulira, monga ankachitira womanga aliyense.

"Bwana Njati, mungandinyamulire ngolo khumi za miyala pa madengu angati?"

"Khumi zokha? Mchenga nawo?"

"Mchenga ngolo zinayi."

"Anyamata anu alipo angati tsopano, mayi? Mwezi umodzi mumaliza?"

Nangozo anayankha zonse, poganiza kuti ndi macheza chabe. Njati anamuuza mtengo, anamuperekeza mpaka pachipata, n'kumupatsa moni woti akapereke kunyumba.

Tsiku lotsegula, Birimankhwe anawerenga: "Nguluwe, makumi asanu ndi atatu. Mvuu, makumi asanu ndi awiri. Nangozo Msulu, makumi anayi, makalata okwanira. Njati, makumi anayi kuchotsapo dengu limodzi."

Dengu limodzi, abale! Nangozo anasonkhanitsa gulu lake. Pobwerera anayambitsanso nyimbo, koma ovomera anali ochepa, ndipo ankaikoka ngati ya pamaliro. Kachingwe sanaimbe nawo n'komwe.

Njira yawo inkadutsa kuseri kwa mpanda wa Njati. Kumeneko ng'oma inali italira kale. Nangozo anasuzumira pampata, ndipo anaona Nguluwe ndi Mvuu, amene angoluza kumene, akuvina kuposa mwini phwando. Mvuu ankachita kudzigwetsa pansi ndi kuseka.

"Woluza amavina chonchi?" anadzifunsa Nangozo.

Atafika kwawo anakhala pakhonde n'kuyamba kukumbukira. Chitsime, Nguluwe. Nkhokwe, Njati. Chaka chatha mlatho, Mvuu. Chaka cha dzana Nguluwe, kenako Njati, kenako Mvuu. Ha! Akuluakuluwo ankachita chipereganyu, monga achitira amayi a pamsika, mwezi uno walandira uyu, mwezi wa mawa uyo. Awiri ankalemba mitengo yokwera dala kuti mnzawo amene yafika nthawi yake aoneke wotchipa. Ndipo wamng'ono akalowerera, Njati ankangowerenga ngolo zimene wafunsa, n'kudziwa mtengo wake wonse, n'kutsitsako dengu limodzi. Nangozo anadzimenya pachipumi. Mtengo wake anali ataupereka yekha, ndi pakamwa pake, akumwetulira.

Anapita kukadandaula kwa Birimankhwe.

"Umboni muli nawo, mayi?"

"Ndinawaona akuvina."

"Kuvina si mlandu. Mukapeza pepala, mubwere nalo."

Madzulo ake Kachingwe anabwera, abale ena ali pambuyo pake. Anakhala pansi mwaulemu, koma nkhope ili gwa.

"Alamu, tabwera kudzalankhula."

"Lankhulani, alamu."

"Ana kunyumba akugonera madeya. Nguluwe akufuna amisiri, akulipira tsiku ndi tsiku. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ife takhala tikununkhiza wa pachala."

"Akulu anu anandipempha kuti musabalalike."

"Ndinalipo, ndinamva. Koma achimwene akanakhala moyo sakanatisunga ndi njala. Kwatsala ntchito imodzi chaka chino. Ikatidutsa imeneyo, musadzatiimbe mlandu."

Nangozo sanakangane naye, chifukwa Kachingwe ankanena zoona, ndipo zoonazo zinamupweteka mumtima. Anangoti, "Ndamva. Imodzi yomweyo."

Ntchito yachitatu inali mlatho, womwe uja anamanga Mvuu chaka chatha. Anachepetsa simenti n'kuchulutsa mchenga, ndipo mvula yoyamba inangoukankha pang'ono, wonse n'kukhala pansi. Mukufunsa kuti wogwetsa mlatho angapikisanenso bwanji? Anangosintha dzina la kampani, n'kusemetsa chidindo china. Ndipo pa chipereganyu chija, nthawi inali yakenso.

Panali lamulo lakuti mtsuko usanaikidwe, pakhale tsiku loona malo. Mlembi ankatsogolera onse ofuna ntchito kumalo omangapo, aliyense n'kufunsa zimene akufuna. Akuluakulu aja anasiya kalekale kupitako. Njati anati dzuwa likuwamba. Nguluwe anati ali ndi alendo. Mvuu anati, "Malowo ndikaonenso chiyani? Ndinamangapo ndine. Miyala yonse inapita ndi madzi, tidzayambira pachiyambi." Ngakhale Kachingwe anakana, nati kuyenda ulendo wonsewo ndi m'mimba mopanda kanthu n'kudzizunza. Choncho anapita awiri okha, Nangozo ndi Birimankhwe, ndipo ulendo wa kanthawi kochepa unawatengera m'mawa wonse.

Atafika, Birimankhwe anakhala pamthunzi kuti apume. Nangozo anatsikira pamchenga pamene panali mlatho. Msulu ndi msulu, sangaone mchenga osafukula. Anafukula pang'ono, zikhadabo zake n'kugunda chinthu cholimba. Anafukulanso. Mwala, wosemedwa kale mbali zonse zinayi! Anasuntha n'kufukula pena, mwala wina. Pena, winanso. Madzi sanatenge miyala ija, anangoifotsera. Ndipo poti simenti ya Mvuu inali yongonamizira, miyala inali yoyera, yosafuna n'kupala komwe.

Nangozo anakwirira maenje onse, anasalaza ndi mchira, anapukuta m'manja, n'kubwerera kwa mlembi mosathamanga.

"Alembi, ndili ndi funso."

"Lero ndi tsiku lake."

"Wopambana akapeza miyala ya mlatho wakale pamalo pano, angaigwiritse ntchito?"

Birimankhwe anati: "Miyala imeneyo khonsolo inalipira kale. Ngati ilipo ndipo ndi yolimba, aigwiritse ntchito. Koma dziwani, mayi, funso lofunsidwa pano si chinsinsi. Ndikalilemba pamodzi ndi yankho lake, ndikalikhoma pamkuyu kuti aliyense awerenge."

Nangozo anafunsa: "Kodi n'kofunika kutero?"

"Ndi lamulo."

"Khomani, alembi. Lamulo ndi lamulo."

Tsiku lomwelo pepala linakhomedwa, poyera, pamene aliyense wodutsa pabwalo akanaliona. M'mawa mwake Nangozo anavala nkhope yachisoni n'kupita kwa Njati.

"Bwana, ndabweranso. Ndikufuna ngolo makumi anayi za miyala."

"Makumi anayi! Mukumanga mlatho kapena phiri?"

"Ndakaona malo. Madzi anakumba kwambiri, maziko ayenera kupita pansi. Mchenga ngolo khumi. Ndipo miyezi itatu siikwana, mwina inayi."

Njati anawerengera chamumtima, milomo ikugwedera. Anapeza kuti pamenepo mtengo wa Nangozo sungachepere madengu zana limodzi. Koma Njati sanali chitsiru. Atachoka mayiyo, anauza anzake kuti, "Kamayi kameneka kanatipusitsa ndi masitepe. Tisathamange, timve kaye kuchokera kwina."

Nangozo naye ankadziwa kuti ngolo zokha sizikwanira. Madzulo anaitana Kachingwe.

"Alamu, ndawerengera. Tilemba madengu zana limodzi."

"Zana! Alamu, mutu ukuyenda bwino? Ndani angatipatse ntchito pa zana?"

"Ngolo zakwera mtengo. Musauze munthu."

Anamunamiza mlamu wake akumuyang'ana m'maso, ndipo sizinamukomere. Koma ankamudziwa. Ankayembekeza kuti Kachingwe akakhala pamowa ndi oyendetsa ngolo a Njati, zana lija lidzatuluka lokha, osalituma. Chimene sanachiyembekeze ndi chimene chinachitika.

Patapita masiku awiri, m'mamawa, Nangozo anapeza malo a Kachingwe ali mbee, zida zake palibe. Abale ena asanu anali atapita naye. Kachingwe sanadikire n'komwe kuti mtsuko utsegulidwe. Anaona kuti zana ndi imfa ya gulu, ndipo anapita kwa Nguluwe kukapempha ntchito. Nguluwe anamufunsa chimene wabweretsa, iye n'kupereka chokhacho chimene anali nacho.

"Alemba zana limodzi. Anandiuza okha."

Akuluakulu aja anaombana m'manja. Zimene ananena ngolo ndi zimene wanena kapitawo zinagwirizana. Anamuuza Mvuu kuti alembe zana kuchotsapo dengu limodzi, ndipo Mvuu anayamba kale kuitanitsa mowa wa phwando.

Nangozo atamva kuti mlamu wake ali kwa Nguluwe, analowa m'nyumba n'kulira. Msampha wake unali utagwira, inde, koma unagwira ndi mwendo wa m'bale. Anaganiza zothamangira kukamuuza zoona. Akanatero, Nguluwe akanamva tsiku lomwelo, ntchito n'kupita, gulu lonse n'kutha. Anapukuta misozi, analemba pepala lake yekha, anamata phula, n'kukaponya mumtsuko. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku otsalawo anali aatali. Tsiku lililonse Nangozo ankadutsa pabwalo ngati akupita kumsika, n'kuponya diso pamkuyu. Pepala lija linali pomwepo, likupepeluka. Tsiku lachisanu anaona Njati akulunjika pamkuyupo. Njati anafika, anaima, anatembenuka, n'kuyamba kukanda msana pathunthu, papepala pomwepo. Anakanda mpaka kutsinzina ndi kukoma, kenako anapita.

Tsiku lotsegula mtsuko linafika. Panjira Nangozo anayambitsa nyimbo ija. Anaitana mayina a amene analipo okha, asanu ndi mmodzi, ndipo anavomera ndi mawu ang'onoang'ono. Pofika pamene pankabwera dzina la Kachingwe, anangodumphapo. Pabwalo anamuona mlamu wakeyo ataima pakati pa antchito a Nguluwe, maso ali pansi, asanu aja ali pambuyo pake.

Birimankhwe anaswa phula.

"Njati, madengu zana ndi makumi atatu. Nguluwe, zana ndi makumi awiri. Mvuu, zana kuchotsapo limodzi."

Mvuu anayamba kudzuka, akukonza jekete. Birimankhwe anafunyulula pepala lomaliza pang'onopang'ono.

"Nangozo Msulu, makumi asanu. Makalata okwanira."

Mvuu anatsala ali chiwerame, osadziwa kaya aime kaya akhale.

"Bodza!" anakuwa Njati. "Ngolo zokha za miyala zikupitirira pamenepo! Alembi, mtengo wotere ndi wachinyengo. Mufunseni, miyala aitenga kuti?"

"Funso labwino," anatero Birimankhwe. "Mayi, yankhani."

"Miyala ili pamalo pomwepo, pansi pa mchenga, yosemasema. Bwana Mvuu anatisungira. Sindifuna ngolo ngakhale imodzi."

"Nanga munadzafunsiranji ngolo makumi anayi?"

"Kufunsa mtengo si kugula, bwana. Koma ndikudabwa. Zimene ndinafunsa kunyumba kwanu zikukhudzana bwanji ndi zimene alemba bwana Mvuu?"

Nyama za pabwalo zinayamba kunong'onezana. Njati anaona kuti akapitiriza adziulula yekha, ndiye anakhotera kwina.

"Miyala ya khonsolo! Ndani analola? Bwanji ife sitinauzidwe?"

Birimankhwe anaika cholembera pansi. Anatsika pampando, n'kuyamba ulendo wopita pamkuyu, mwendo uwu, kenako uwo, bwalo lonse likumudikira. Anazula pepala lija n'kuliwerenga mokweza, funso ndi yankho lake, ndi tsiku limene linakhomedwa. Kenako analiyang'anitsitsa.

"Masiku asanu ndi awiri lakhala pano. Ndipo wina analiyandikira ndithu, chifukwa pali ubweya wakuda. Ngati wa njati."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Wina kumbuyo anafuula kuti safunsa anadya phula. Birimankhwe anadinda pepala la Nangozo, n'kulengeza kuti ntchito ya mlatho ndi yake.

Mkwiyo wa wamkulu sufuna kubwerera wopanda kanthu. Njati, Nguluwe ndi Mvuu anatembenukira kwa Kachingwe.

"Iwe!" anatero Nguluwe. "Suja unati zana? Wadya mapira anga masiku asanu, ukundinamiza?"

Kachingwe anayang'ana uku ndi uku. Akanati chiyani? Akanati ananena zoona, ndiye kuti akuvomera pamaso pa dziko lonse kuti anagulitsa mkazi wa mkulu wake. Akanati ananama, ndiye kuti akudziika pa nyanga za Njati. Antchito a Nguluwe anamutalikira. Abale asanu ndi mmodzi amene anatsala ndi Nangozo ankamuyang'ana ndi maso onyoza, mmodzi mpaka analavula pansi. Mmisiri wamkulu uja anangoima yekha pakati.

Nangozo anaona zonsezi. Ntchito inali m'manja mwake tsopano, koma gulu linali likadali pawiri, ndipo mawu amodzi okha oipa akanaligawa mpaka kalekale. Anapinda pepala lake, anadutsa pakati pa bwalo mosafulumira, n'kukagwada pang'ono pamaso pa Kachingwe, akuomba m'manja.

"Alamu, zikomo. Ntchito ndinakutumani ija mwaigwira bwino kwambiri. Masiku asanu m'nyumba ya eni ake, osaulula! Ine sindikanatha."

Kenako anatembenukira kwa akuluakulu aja.

"Mabwana, wotumidwa alibe mlandu. Ngati pali chonena, nenani ndi ine. Koma muyambe mwafotokozera alembi chimene mumafunira kudziwa mtengo wa mnzanu mtsuko usanatsegulidwe."

Diso limodzi la Birimankhwe linali kale pa Nguluwe, linalo pa cholembera. Akuluakulu aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti kunyumba kuli zochita, ndipo anachoka aliyense njira yake.

Misulu inamuzungulira Kachingwe. Uja analavula pansi ndiye anali woyamba kumukumbatira.

"Akapitawo, mwatipusitsa ndi ife tomwe! Ife kumakutukwanani, osadziwa kuti muli pantchito!"

Asanu amene anapita naye aja anayang'anizana. Palibe anafuna kutsutsa nkhani yokoma chotero, ndipo pofika pamphambano aliyense wa iwo anali akufotokoza kale mmene anasungira chinsinsi.

Kachingwe anatsalira m'mbuyo. Nangozo naye anachepetsa liwiro mpaka anatsala awiri.

"Alamu," anatero Kachingwe ndi mawu otsika, "simunanditume."

"Mukuti bwanji? Makutu angawa ayamba kukalamba."

"Musatero. Ndinapita ndekha. Ndinakugulitsani."

Nangozo anayankha akuyenda.

"Ndikudziwa. Ndinalira tsiku limenelo, sindibisa. Koma nanenso ndinakunamizani. Ndinakuonani ngati dengu lobowoka, n'kuthiramo dala zimene ndinkafuna kuti zitayike. Sindinakuuzeni za miyala. Mukanadziwa, simukanachoka."

"Mukanandiuza, ndikanaulula pamowa," anatero Kachingwe, misozi ili m'maso.

"N'chifukwa chake sindinakuuzeni. Ndiye inu muli ndi chanu, ine ndili ndi changa, ndipo zonsezo n'za ife awiri. Awo akudziwa kuti ndinakutumani. Adzakalamba akudziwa zomwezo."

"Nanga ndiziwayang'ana bwanji?"

"Monga kapitawo wawo. Taonani, aima apo akukudikirani. Sakudziwa kuti mawa ayambire tsidya liti, ndipo ine sindiwauza."

Kachingwe anayang'ana kumene anaima abale ake. Anapukuta nkhope ndi chikhatho, anatsokomola, n'kupita patsogolo. Posakhalitsa Nangozo anamumva akukalipa kuti mafosholo onse akhale atanoledwa dzuwa lisanalowe, ndipo amene adzachedwe mawa adzafukula mchenga ndi mano. Nangozo anawawerenga ali chapatali, mmodzimmodzi. Anakwana khumi ndi awiri.

Yanga yathera pomwepa. Mbatata ija ngati yapsa kaphuleni, koma wonena nthano musamumane.